Sabuside ifikenso ku khola

Chiyambireni pologalamu ya zipangizo zotsika mtengo mu 2005, nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika, boma likati "mlimi" limakhala likunena munthu wa khasu ndi chimanga. Chaka choyambacho thumba la feteleza la makilogalamu 50 tinkagula pa K950. Mu 2020 pologalamuyi inatchedwa AIP, thumba n'kukhala pa K4,495. Mayina ndi mitengo zakhala zikusintha, koma katundu ndi yemweyo: feteleza wokulitsa, wobereketsa ndi mbewu. Sitikunyoza ayi, ambiri a ife tinakolola nazo. Koma mamembala athu oweta ziweto m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, akufunsa kuti: nanga ife a makola?

Aliyense wa kuno akudziwa khalidwe la nyanjayi. Ndi yosaya, ndipo palibe mtsinje wotulukamo. Inauma mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Ikatero matemba amasowa, mabwato a ku Kachulu amagona pa matope, ndipo mpunga wa ku sikimu ya Likangala umalimbirana madzi ochepa. Mu Malichi 2023 zinatembenuka: namondwe wa Freddy anamiza minda, feteleza yemwe anthu anavutikira pa mizere n'kupita ndi madzi. Zaka zoterezi banja limapulumukira pa mbuzi yomwe bambo akokera ku msika wa Jali, kapena ng'ombe yomwe agulitsa kuti mwana asabwezedwe ku sekondale.

Chikhalirecho chuma chimenechi n'chosatetezedwa. Kuchokera m'zaka za m'ma 1990, pamene boma linachepetsa chithandizo chaulere cha ziweto, madibi ambiri m'dziko muno analeka kugwira ntchito. Ng'ombe zodya m'dambo zimadzala nkhupakupa, zina zimaonda ndi nyongolotsi za m'chiwindi, pomwe chitopa chimasesa nkhuku chilimwe chilichonse. Mankhwala ake alipo m'masitolo, koma pa mtengo wosachotsera ngakhale tambala.

Boma silingati nkhaniyi ndi yachilendo. Mayi Joyce Banda ali pa mpando anayambitsa ndondomeko ya ng'ombe imodzi pa banja, ndipo mu 2021 AIP inaika mbuzi m'malo mwa feteleza kwa mabanja ena a ku Chikwawa ndi Nsanje. Kugawa ziweto kumakoma pa msonkhano, anthu amaomba m'manja. Koma mbuzi yolandira lero ikafa ndi nyongolotsi mvula ikangoyamba, ndalama ya boma yalowa m'madzi.

Choncho tikupempha Unduna wa Zamalimidwe kuti mlimi wa ku Chilwa azipatsidwa mwayi wosankha: feteleza, kapena mankhwala a dibi, a nyongolotsi ndi katemera wa chitopa za mtengo wofanana. Madibi akonzedwe ndipo aperekedwe m'manja mwa makomiti a alimi, alangizi a ziweto nawo apatsidwe mayendedwe oti azifika m'midzi ya kumadambo.

Pali chenjezo limodzi lomwe sitibisa, ngakhale ena mwa mamembala athu omwe sakondwa nalo. Thandizoli lisawerengedwe pa mutu wa ng'ombe. Ku Ulaya, kumene alimi amalipidwa potengera kukula kwa malo, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a ndalamazo akhala akupita kwa alimi 20 okha pa 100 alionse. Kuno zingatero ndithu: mwini ng'ombe 60, yemwe mwina amakhala m'tauni ya Zomba n'kulemba m'busa, angameze gawo la amayi khumi a mbuzi zitatuzitatu. Khola limodzi lizilandira gawo limodzi, ndipo mayina aziwerengedwa poyera pa bwalo la mfumu, chifukwa za mayina a anthu akufa pa makuponi tinaziona.

Kwa atsogoleri a makalabu: yambani kulemba makola onse a m'dera lanu, mtundu wa ziweto ndi zomwe zafa chaka chino. Kaundulayo tikamutula ku khonsolo ya Zomba ndi ku Machinga ADD, aphungu asanakambirane bajeti ku Nyumba ya Malamulo.