Alangizi a m'sukulu nawonso abwerere m'kalasi

Abale anga a kuno ku Mangalande, ife anamwino satilola kugonera digiri. Zaka zitatu zilizonse bungwe la NMC limafuna umboni woti ndagwira ntchito maola 450 komanso ndaphunzira zatsopano kwa maola 35, apo bii andifufuta m'kaundula. N'chifukwa chake ndinadabwa kumva kuti mlangizi wa kusukulu, amene ana athu amamuuza zakukhosi, lamulo silimukakamiza zoterezi.

Kuno ku England aliyense akhoza kudzitcha mlangizi, palibe lamulo loteteza dzinali. Bungwe la BACP limayembekezera mamembala ake kuphunzira maola 30 pachaka, koma kulowa m'bungwemo n'kufuna kwa munthu. Ku Wales lamulo la 2013 limakakamiza makhonsolo kupereka uphungu kwa ana a kusekondale. Kuno sukulu imaona yokha malinga ndi thumba lake. Chonsecho kafukufuku wa NHS wa 2023 anapeza kuti mwana mmodzi mwa asanu alionse a zaka 8 mpaka 16 akuoneka kuti ali ndi vuto la maganizo.

Boma silinangokhala ayi. Ndondomeko ya 2017 inayambitsa magulu a NHS othandiza ana m'sukulu, ndipo kuyambira 2021 sukulu zinapatsidwa mwayi wa £1,200 yophunzitsira wamkulu mmodzi woyang'anira nkhani za maganizo a ana. Koma funso langa ndi ili: akuphunzira za mwana uti?

Imani pa siteji ya tramu ku Hyson Green kuno ku Nottingham ana akamaweruka, mumva zilankhulo zosawerengeka. Pakati pawo pali ana athu amene analeredwa ndi agogo awo ku Dedza kapena ku Mulanje, n'kudzakumana ndi mayi awo pabwalo la ndege atasiyana zaka zisanu.

Mwana wa mnzanga wa kutchalitchi ndi mmodzi wa iwo. Ankadandaula m'mimba ndi mutu m'mawa uliwonse, kuchipatala osapeza kanthu. Mlangizi wa kusukulu kwake, munthu wamtima wabwino ndithu, anaona kuti mtsikanayu akuyang'ana pansi ndipo akungoyankha kuti ali bwino, ndiye anaganiza kuti kunyumba akumuzunza. Mayi ake atalandira foni anachita mantha kuti a boma amulanda mwana ndipo viza iwonongeka, basi anamuletsa kupitanso. Pomwe mwanayo ankangolira agogo ake amene anamwalira iye osapita kumaliro.

Apa ndi pamene maphunziro akuperewera. Mlangizi adziwe kuti kwathu mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, ndiponso kuti chisoni timachinena ndi thupi: mutu ukupweteka, mtima ukuthamanga, ndikuganiza kwambiri. Aphunzire kugwira ntchito ndi womasulira, osati kusandutsa mwana womasulira wa mayi ake. Adziweko za mashifiti a usiku ndi malamulo a viza. Mu Malichi 2024 obwera kudzasamalira okalamba analetsedwa kutenga mabanja awo, choncho nkhani ya makolo ndi ana otalikirana siitha lero. Koposa zonse, azifotokozera makolo mosapsatira kuti chinsinsi cha mwana chimathera pati, ndi nthawi iti imene ayenera kudziwitsa akuluakulu oteteza ana. Komanso maphunziro omwewo amuthandize kusiyanitsa mwambo ndi nkhanza, chifukwa nkhanza ziliko ndipo tisazibise ndi dzina la chikhalidwe.

Nafenso tili ndi gawo. Kumudzi mwana akasokonezeka ankapita kwa azakhali, amalume kapena anankungwi. Kuno anthu amenewa kulibe, mlangizi ndiye akukhala pa mpando wawo. Pamsonkhano wa makolo funsani ngati sukulu ili naye, ngati ali m'bungwe lovomerezeka, ndiponso ngati anaphunzirapo za ana obwera kuchokera kunja. Sukulu zimakhala ndi mpando wa makolo m'komiti yoziyendetsa, tiyeni tiziimira nawo. Tikapanda kuwauza za ana athu, adzaphunzira kwa yani?

Mtsikana uja anayambiranso kupita, titakhala pansi atatu ndi mlangiziyo. Atamva za agogo aja, anafunsa mmene timalirira maliro kwathu, n'kutulutsa cholembera.