Kuyeza ndi kwaulere, nanga osauka atsaliranji?

Inu amene mukuphunzira kuwerenga ndi kulemba, lero tikambe za khansa ya m'matumbo. Matendawa amayamba mwakachetechete. M'matumbo mumamera kachotupa kamene kamatha kutulutsa magazi pang'ono, osaoneka ndi maso. Munthu amatha zaka osamva kupweteka kulikonse.

Ku England, boma linayamba kuyeza anthu khansa imeneyi mu 2006, kudzera mu bungwe la zaumoyo la NHS. Poyamba ankayeza anthu a zaka 60 mpaka 69. Munthu amalandira kalata ndi kachida koyezera kunyumba kwake, kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Amatapa chimbudzi pang'ono n'kubweza pa positi. Salipira kanthu. Magazi akapezeka, amamuitana kuchipatala kuti akamuunike m'matumbo.

Phindu lake ndi lalikulu. Kumeneko, khansayi ikapezeka itangoyamba, odwala oposa 9 mwa 10 amakhalabe ndi moyo patatha zaka 5. Ikapezeka itafalikira m'thupi, ndi mmodzi yekha mwa 10.

Koma taonani zimene zinachitika. Kafukufuku wa mu 2011 anaunika makalata oyamba 2.6 miliyoni. M'madera olemera, anthu 61 mwa 100 aliwonse anabweza kachida kaja. M'madera osaukitsitsa anabweza ndi 35 okha. Kalata inali imodzimodzi, ndipo konse kunali kwaulere.

Zifukwa zake si zachilendo kwa ife. Ena amavutika kuwerenga malangizo, ndipo amachita manyazi kufunsa mwana wawo nkhani ya chimbudzi. Ena ali pa ntchito yolemetsa, maganizo onse ali pa chakudya ndi lendi, ndiye matenda amene sakupweteka amawaika pambali. Ena amasamukasamuka, kalata siwapeza. Ena anaona abale awo akufa ndi khansa yopezeka mochedwa, choncho amati kudziwa n'kopanda ntchito.

Mu 2019, England inasintha kachida. Kakale kankafuna kutapa chimbudzi maulendo atatu. Katsopano, kotchedwa FIT, kamafuna kamodzi kokha. Anthu obweza anachuluka, osauka omwe, ngakhale kusiyana kuja sikunathe. Apa tikuona kuti vuto si ulesi wa osauka. Njira ikaphweka, anthu amabwera.

Phunziro limeneli likutikhudza kuno ku Mozambique. Zipatala za boma zimayeza amayi khansa ya khomo la chiberekero. Koma mayi wa kumudzi ku Angónia kapena ku Lago amayenda mtunda wautali, amasiya munda tsiku lonse, ndipo uthenga wambiri amaupeza m'Chipwitikizi. Ife tikuti a Unduna wa Zaumoyo asamangowerenga anthu amene afika. Azifunsanso amene sanafike kuti chawaletsa n'chiyani. Uthenga uzipita m'zinenero zathu, pa wailesi za m'madera, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'makalasi ngati anuwa.

Inunso muli ndi mbali yanu. Pitani kuchipatala mukaona magazi m'chimbudzi, mukamatsegula m'mimba kapena kudzimbidwa kwa milungu itatu, mukamamva kupweteka m'mimba kosatha, kapena mukamaonda popanda chifukwa. Nthawi zambiri magaziwo amabwera ndi matenda ena, monga kamwazi kapena likodzo, koma wosiyanitsa ndi wachipatala. Ngati mwamwa mankhwala koma osasintha, bwereraniko ndipo nenani kuti simunachire.

Akakupatsani pepala, liwerengeni pang'onopang'ono. Pamene simunamve, pemphani namwino akufotokozereni m'chinenero chanu, ndi ufulu wanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndipo ngati mnansi wanu sadziwa kuwerenga, muwerengereni tsiku limene amuuza kuti akabwerere kuchipatala.