Makina amene sungawatsegule si ako

Pali anthu amene akamva kuti munthu angathe kupanga yekha makina ogwira cholembera n'kumajambula papepala amaseka, amati izo ndi zidole za anthu okhuta. Ine ndikukana. M'makina amenewa muli phunziro limene ife okonda ufulu tiyenera kulimvetsa.

Makina ake si ovuta ayi. Pamakhala timamota tiwiri, kena koyendetsa cholembera kumanja ndi kumanzere, kena kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kachitatu ndi kokweza ndi kutsitsa cholemberacho. Ena timamotati amachita kuzula m'ma DVD akutha a m'kompyuta. Koma pagona nkhani ndi pa pulogalamu imene imalamula timamotati.

Kale makina otere ankapezeka m'maofesi a akatswiri ojambula mapulani, monga HP 7475A imene kampani ya Hewlett-Packard inatulutsa mu 1983. Zinthu zinasintha mu 2005 pamene ku Ivrea, m'dziko la Italy, anapanga Arduino, kakompyuta kokwana m'dzanja, ndipo kapangidwe kake sanabise. Mu 2009 Simen Svale Skogsrud wa ku Norway anatulutsa GRBL, pulogalamu yaulere imene imakhala mu Arduino n'kumasandutsa malamulo a G-code kukhala mayendedwe a mota. Aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kugawira mnzake.

Kodi ufulu umenewu phindu lake n'chiyani? Tiyerekeze kuti mwalamula makina kujambula chozungulira ngati mwezi koma papepala patuluka dzira. Mota wamba wa makinawa amaponda masitepe 200 kuti azungulire kamodzi. Sitepe iliyonse ikagawidwa pa 16, amakwana 3,200. Kagudumu ka mano 20 kokoka lamba wa mano otalikirana mamilimita 2 kamayendetsa cholembera mamilimita 40. Ndiye kuti milimita imodzi ndi masitepe 80. Nambala imeneyi GRBL imaisunga poyera, pa $100 ndi $101. Mwini makina amatenga rula, kuyeza mzere, kukunga lamba ngati wakhwefuka, n'kukonza nambala ngati yalakwika. Basi, ntchito yatha. Sanalembe kalata kwa bwana aliyense, sanadikire katswiri wochokera kunja.

Tsono yerekezani ndi makina amene pulogalamu yake ndi chinsinsi cha kampani. Tsiku limene eni ake aleka kuisamala, makina abwinobwino amangokhala pakona kudya fumbi. Ndalama munalipira ndinu, koma kiyi ali m'thumba mwa wina. Kodi pamenepo mwini wake ndani?

Ena adzati zaulere zilibe mwini, zikavuta ulibe wom'dandaulira. Mfundoyi ili ndi mutu wake. Anthu ogwira ntchito modzipereka amatopa, ndipo GRBL imene inatuluka komaliza, ya 1.1h, ndi ya mu 2019. Koma onani chimene chinachitika. Popeza zonse zinali poyera, ena anaitola n'kupitiriza, ndipo lero kuli grblHAL ndi FluidNC zoyenda pa tizipangizo tamphamvu kuposa Arduino yakale ija. Mu pulogalamu yotere mulibe mtsogoleri wamuyaya. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ife amene dziko lathu linasankha matipate pa 14 June 1993 sitifunika kuchita kuuzidwa zimenezi.

Ana athu amapinda waya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero, popanda wowaphunzitsa. Luso lilipo. Chimene ndikupempha n'chakuti masukulu a ntchito zamanja awapatse makina oti amasule, awononge, akonze. Mwana amene wawongola dzira lija kukhala mwezi waphunzira masamu, zamagetsi ndi kuleza mtima nthawi imodzi. Malamulo a G-code omwewo ndi amene amayendetsa makina akuluakulu odula zitsulo ndi matabwa m'mafakitale.

Ndipo inu akuluakulu ogula makina ndi ndalama za misonkho yathu, musanasaine pepala dzifunseni: chinthuchi chikadzafa, mwana wa kuno adzaloledwa kuchitsegula?