Mankhwala a Ng'ombe Si a Chilonda cha Moto

Nyengo yozizira ikafika, ana amapsa poothera moto wa pa mbaula. Chilonda chikachita mafinya, ena mwa ife alimi timachipopera oxytetracycline wa ng'ombe kapena kuwazapo ufa wa m'makapisozi. Abale, tileke mchitidwewu. Mankhwala a ziweto sanapangidwire munthu, ndipo kuwagwiritsa ntchito mwachisawawa kumachititsa tizilombo kuleka kumva mankhwala.

Ngakhale silver sulfadiazine wa kuchipatala ali ndi malire: sayenera makanda osakwana miyezi 2, amayi otsala pang'ono kubereka, ndi anthu amene thupi lawo limadana ndi sulfa.

Munthu akapsa, tithirepo madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Chilonda chikanunkha, chikatupa, kapena thupi likatentha, tithamangire kuchipatala, pakuti matenda akalowa m'magazi mankhwala opaka sangapulumutse moyo.