Magetsi a ku Golomoti aunikire ndani?

Nyengo yasintha, ndipo aliyense wolima ku Mtakataka akudziwa. Mvula imachedwa, ikabwera imagwa ya mwezi wathunthu masiku atatu. Akatswiri akuti chikusokoneza nyengo ndi utsi wa malasha ndi mafuta, wambiri wochokera m'maiko olemera. Ife utsi wathu ngwochepa, koma malipiro ake tikulipira ndife.

Mu Januwale 1992 kunali chilala, tinati ndi tsoka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, mdima nkugwa m'matauni monse. Mu 2023 Freddy anapha anthu mazanamazana kummwera. Kodi tidzapitiriza kuika magetsi athu ambiri pa mtsinje umodzi wa Shire?

Nchifukwa chake tiyamike zomwe zinachitika ku Golomoti mu 2022. Kampani ya JCM Power pamodzi ndi InfraCo Africa anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, okhala ndi mabatire osunga mphamvu yogwiritsa ntchito dzuwa likalowa. Dzuwa lomwe limatiwotcha kuchigwa kuno layamba kutigwirira ntchito.

Koma funso lathu nali: magetsiwo akupita kuti? Amalowa m'mawaya a ESCOM nkudutsa pamwamba pa midzi yogona mumdima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zinali ndi magetsi. Tayendani pa msewu wa M5 muone matumba a makala atandandalikidwa, kudikira magalimoto a m'tauni. Inu a ku Lilongwe, ena mwa makala mukuphikirawo ndi nkhalango ya Mua-Livulezi. Mapiri akayera, mtsinje wa Namikokwe umatsika ndi mchenga kukakwirira ngalande za alimi a mpunga ku sikimu ya Bwanje.

Wowotcha makala sitingamuthamangitse ndi chikwapu ngati kale, iye akufuna ndalama ya ufa. Mpatseni magetsi a chigayo, a pampu yothirira, a firiji yosungira nsomba, ndipo nkhwangwa adzaiika pansi yekha. Nawo a m'tauni adzasiya mbaula pokhapokha magetsi atakhala otsika mtengo ndi osathimathima.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa munthu wa ku Golomoti, magetsiwa akadali fodya wapachala. Mu 1993 tinavotera ufulu wofunsa mafunso. Aphungu a ku Dedza afunseni: ndi midzi ingati yozungulira malowa yomwe yalumikizidwa, ndipo yotsalayo ilumikizidwa liti?