Ma shock atsopano, matayala akutha mbali imodzi

Imani pa siteji ya Mpingu, pa Msundwe kapena pa Namitete tsiku la msika, muwerame pang'ono n'kuyang'ana matayala akutsogolo a ma Sienta ndi ma Probox amene akudikira anthu. Musayang'ane kunja kokha, pisani dzanja chakum'kati. Pa galimoto zambiri mupeza kuti kunja tayala likadali ndi mano, koma m'mphepete mwam'kati latha mpaka kusalala, lina mawaya ayamba kuonekera. Mukafunsa dalaivala, nthawi zambiri akuuzani monyadira kuti ma shock absorber ndi atsopano, anasintha posachedwa. Akunena zoona, ndipo n'kutheka kuti vuto linayamba tsiku lomwelo.

Galimoto zazing'ono zimene timaitanitsa kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, monga Sienta, Probox, Vitz ndi Passo, kutsogolo kwake zili ndi mtundu wa shock wotchedwa MacPherson strut. Shock yotereyi sikuti imangoletsa galimoto kudumphadumpha ayi. Ndi mwendo weniweni umene wagwira gudumu: pamwamba yamangidwa ku thupi la galimoto, pansi yamangidwa ndi mabawuti awiri akuluakulu ku chitsulo chimene tayala limazungulirapo. Makaniko akamasula mabawuti amenewa n'kuika shock ina, gudumu silibwerera ndendende pamene linali. Mabowo a mabawuti amakhala ndi kampata, ndipo shock ya kampani ina singafanane m'zonse ndi imene inabwera ndi galimoto. Ngati asinthanso sipiring'i, galimoto imakwera pang'ono. Zonsezi zimasintha kapendekeke ka tayala, kamene amakaniko amati camber, ndipo camber ikasuntha imakokanso toe, kutanthauza kumene mphuno za matayala awiriwo zaloza.

Toe ndiye imadya matayala mopanda chisoni. Matayala akutsogolo akalozana kapena kutalikirana ndi mamilimita 3 okha kuposa muyezo wake, diso silingaone, koma awiriwo amakhala akukwekwerezeka cham'mbali pafupifupi mamita 5 pa kilomita iliyonse. Galimoto yoyenda makilomita 200 patsiku, zimene si zachilendo kwa wonyamula anthu mu msewu wa M12 wa Lilongwe ndi Mchinji, yakhutiza matayala ake pa phula mtunda wa kilomita yathunthu dzuwa lisanalowe. Mafuta nawonso amapita pomwepo, chifukwa injini ikukankha matayala amene akukanirana.

Ndikudziwa zimene eni galimoto ndi madalaivala amayankha ukawauza kuti akachititse alignment, kutanthauza kubwezeretsa toe ndi camber pa muyezo wake, ndipo sindikuzipeputsa. Amati msewu wake uti woti munthu aziwonongera ndalama pa alignment? Ukangochoka pa phula kulowa m'misewu yafumbi ya m'midzi ya ku Kabudula, Nsaru kapena Nambuma, mabampu ndi maenje zimakudikira, makamaka mvula ikangotha pamene mathirakitala ndi ngolo zasiya mikwasa. Amatinso makina a alignment ali m'tauni, ndiye kupita kumeneko n'kutaya tsiku, pomwe bwana akufuna ndalama yake ya tsikulo madzulo. Komanso chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chitsulo chilichonse cha galimoto chinakwera mtengo, moti munthu akagula ma shock awiri ku Biwi kapena ku Malangalanga thumba limakhala litauma.

Koma ganizo lakuti maenje adzasokoneza alignment mawa lomwe silolondola kwenikweni. Pa galimoto imene zitsulo zake zili bwino, bampu wamba sasuntha muyezo. Chimasuntha muyezo ndi chitsulo chopindika chifukwa chomenya dzenje mwamphamvu, kapena tie rod, ball joint ndi mabushi zimene zatha n'kuyamba kugwedera. Ngati alignment ikuthawa sabata iliyonse, galimoto ikukuuzani kuti pansi pali chinthu chakutha, ndipo chinthu chimenecho n'chimene tsiku lina chidzathothoke muli ndi anthu. Ndipo ngati ma shock anakwera mtengo, matayala anakweranso. Ndalama ya alignment sifika pa mtengo wa tayala limodzi latsopano, pomwe toe yolakwika imadya awiri nthawi imodzi.

Apa ndinenepo za amakaniko athu, chifukwa ambiri ndi aluso ndipo amatipulumutsa m'malo mopanda galaja. Chimene ndimadandaula n'chakuti ena akamanga bawuti yomaliza amapukuta m'manja n'kunena kuti yatheka bwana, osatchula kuti kwatsala alignment. Mwina amaopa kuti mwini galimoto aganiza kuti ntchito sanaidziwe. Makaniko wachilungamo ayenera kunena asanagwire sipanala kuti mtengo wa ntchitoyi uli pawiri, wina wa pano, wina wa kumakina. Ayeneranso kugwedeza gudumu galimoto ili pa jeke kuti aone tie rod ndi ball joint, chifukwa kupita ku alignment ndi zitsulo zogwedera n'kutaya ndalama. Ma shock asinthidwe awiriawiri, kumanja ndi kumanzere. Amene amayeza toe ndi chingwe ndi tepi sakulakwa, njirayo imathandiza kuti mukafike m'tauni matayala asanawonongeke, koma siyeza camber.

Pali mbali inanso imene eni galimoto ayenera kudziwa kuti asaberedwe. Kumbuyo kwa Probox, ndiponso kwa ma Sienta ambiri, shock ili payokha, sigwira gudumu. Kusintha ma shock akumbuyo okha pa galimoto zotere sikusuntha muyezo, choncho wina asakulipiritseni alignment pa chifukwa chimenecho. Chiwongolero chikamanjenjemera mukathamanga pa phula, kawirikawiri limenelo ndi vuto la balancing kapena rimu yopindika. Zizindikiro za alignment ndi zina: chiwongolero chopendekeka pamene mukuyenda mowongoka, galimoto yokokera mbali imodzi ngakhale mpweya uli wofanana m'matayala, ndi mano a tayala akuthwa mbali imodzi mukawasisita ndi dzanja.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa galimoto zimenezi ndizo zimanyamula amayi oyembekezera kupita ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi ku chipatala cha Kabudula, ndizo zimanyamula ana asukulu ndi matumba a soya ndi mtedza. Sienta inapangidwira anthu 7, koma tonse tikudziwa kuchuluka kwa anthu amene imanyamula. Katundu wotere amafinya masipiring'i, matayala n'kupendekeka koposa, ndipo kulemera konse kumagwera m'mphepete momwe mwatha kale muja. Wapolisi pa rodibuloko amaona kunja kwa tayala kumene kukadali mano. Tayala likaphulika pa liwiro, limaphulikira m'kati.

Ndikanakonda wachinyamata wina wodziwa za galimoto, kapena gulu la eni ma taxi a m'dera lino, ataganiza zoika zipangizo za alignment pa Namitete kapena pa Nsaru. Sizifuna makina a kompyuta okhaokha. Pali zoyezera zamanja zotsika mtengo zimene zimayeza toe ndi camber molondola, bola pansi pakhale simenti yosalala ndi munthu wophunzira bwino. Kufikira zimenezo zitachitika, mwini galimoto amene wasintha ma shock akutsogolo akonze ulendo wa ku Lilongwe sabata yomweyo, ndipo akafika apemphe kuti amuonetse manambala a muyezo, a poyamba ndi a pambuyo pokonza, asanalipire.