Diso la pakhoma liyang'ane pakhomo pako

 

Miyezi ingapo yapitayo, ana atangoweruka ku madrassa, mayi wina adatipeza tikutseka chitseko. Ife tidayesa kuti abwera kudzafunsa za mwana wawo amene akuloweza Juzu Amma, koma nkhani idali ina. Atakhala pansi chapatali ndithu, adati: "A Mwalimu, ino ndi sabata yachitatu ine ndi ana anga aakazi tikusamba usiku wokhawokha. Masana sitingathe." Titafunsa chifukwa, adatiuza kuti mnansi wawo wakhoma kamera pamwamba pa khoma la nyumba yake, ndipo diso la kamerayo lapenya kubafa kwawo. Aliyense wokulira kuno amawadziwa mabafa athu: mpanda wa udzu kapena wa bango, pamwamba popanda denga.

Tidakhala chete kanthawi, pakuti tidadziwa chinthu chimene mayiwo sadachidziwe. Makamera a masiku ano amaona ndi mumdima momwe. Kusamba usiku kuja sikudawabise.

M'mawa mwake tidakaonana ndi mnansiyo. Ndi bambo wachikulire, wosaphonya swala ya Subuhi mumzikiti. Adatiuza kuti akuba adawabera kawiri m'chaka chimodzi: koyamba injini ya boti imene adaigula ndi thukuta la zaka zambiri, kachiwiri batire la sola ndi mbuzi ziwiri zimene ankasungira Idi. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg atamva izi adatumiza kamera, ndipo mnyamata wina wa pamsika adaikhoma pamene padamukomera. Zoti diso lake lafika kubafa kwa eni ake, bambowo sadaziganizire n'komwe, chifukwa zithunzi zonse zimapita pa foni ya mwana wawo ku Joni. Iwo sadaziwonepo.

Apa pali anthu awiri, ndipo onse dandaulo lawo ndi lomveka. Wina akuteteza chuma chake, wina akuteteza ulemu wa thupi lake ndi wa ana ake. Ma Ulama amatiphunzitsa kuti Shariya idadza kudzasunga chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu ndi chuma, ndipo ena a iwo amaonjezera ulemu wa munthu. Tsono nkosayenera kusunga chimodzi pophwanya chinzake.

Kodi chipangizochi chimagwira bwanji ntchito?

Safunsa adadya phula. Tisanaweruze, tiyeni tichidziwe chinthucho. Kamera ya panja yopanda mawaya imakhala ndi batire m'kati mwake, ndipo zambiri zimabwera ndi kasola kakang'ono kodzazira batirelo. Pofuna kusunga moto, kamerayo imakhala ngati ili mtulo. Pansi pa diso lake pali kachipangizo kamene kamamva kutentha kwa thupi loyenda, kaya ndi la munthu, galu kapena mbuzi. Kakamva, kamera imadzuka, nijambula kwa kanthawi kochepa, nitumiza uthenga pa foni ya mwini wake. Usiku imayatsa timagetsi ta infrared, kuwala kumene maso a munthu saona koma kamera imaona, ndipo chithunzi chimatuluka choyera ndi chakuda.

Uthengawo umayenda m'njira ziwiri. Makamera ena amalumikizana ndi kabokosi ka Wi-Fi ka m'nyumba, motero magetsi akazima kabokosiko nkuzima nawo, uthenga sufika. Ena amalowa simu khadi ngati foni, ndipo awa ndiwo amayenera m'midzi mwathu, koma amadya bandulo ya intaneti, makamaka ngati mwini wake akonda kumangoonerera. Zithunzi zimasungidwa pa kamemori khadi m'kati mwa kamera, kapena pa makompyuta a kampani imene idaipanga, amene ali kutali kunja kwa dziko lino. Wogula ayang'ane pa bokosi chizindikiro cha IP65 kapena IP66, chimene chimasonyeza kuti fumbi sililowa ndipo mvula siiwononga, pakuti kuno kuli fumbi la mwera ndi mvula ya mkuntho.

Pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa sakonda kutchula. Choyamba, diso la makamera ambiri ndi lotambalala, limaposa madigiri 100. Inu mukaloza pachipata, ilo latenga chipata, njira, ndi theka la bwalo la mnansi. Mukaikweza kwambiri, imadumpha mpanda uliwonse. Chachiwiri, makamera ambiri ali ndi maikolofoni. Amajambula ndi mawu omwe, ngakhale a anthu amene akungodutsa kupita kudooko akukamba zawo.

Kumanga ngamira

Ena amafunsa ngati kuika kamera sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro mwa Allah. Yankho lathu ndi lakuti ayi. Imam Tirmidhi adalandira hadith kuchokera kwa Anas bin Malik (RA) ya munthu amene adafunsa Mtumiki (SAW) ngati aimange ngamira yake kapena aisiye nayadzamira kwa Allah, ndipo adauzidwa kuti aimange kaye, kenako ayadzamire. Loko wa pachitseko, mpanda, galu wolondera ziweto ndi kamera, zonsezi ndi chingwe cha ngamira. Msodzi amene wasunga injini, maukonde ndi nyali m'shedi ali ndi ufulu wonse wozilondera.

Komatu chingwe ndi chingwe basi. Kamera siigwira wakuba. Imachedwa pang'ono kudzuka, kotero munthu wothamanga angathe kudutsa isanayambe kujambula. Wakuba akavala chipewa kapena akakhala patali, nkhope yake siidziwika bwino. Akaifikira ndi dzanja amaizula, nkupita nayo pamodzi ndi kakhadi kake. Ndiponso kangaude akaluka ukonde wake pa diso, kapena nkhungu zikatuluka m'nyanja nkuunjikana pamenepo, chithunzi cha usiku chimangokhala mbuu. Amene wagula kamera naleka kutseka chitseko wadzinamiza yekha.

Kumene diso siliyenera kufika

Mu Surah An-Nur, ndime 27 ndi 28, Allah watiletsa kulowa m'nyumba za eni ake tisanapemphe chilolezo ndi kupereka salamu, ndipo pa ndime 30 ndi 31 walamula amuna ndi akazi omwe kuti azitsitsa maso awo. Imam Bukhari ndi Imam Muslim adalandira kuchokera kwa Sahl bin Sa'd (RA) nkhani ya munthu amene adasuzumira pa kabowo m'chipinda cha Mtumiki (SAW). Mtumiki adakwiya nazo kwambiri, nafotokoza kuti lamulo la kuodira lidaikidwa chifukwa cha maso. Taonani tsono: ngati diso lafika kale m'bwalo la munthu, kuodira kwathu pachipata kwatsala ndi phindu lanji? Kamera yoloza m'mpanda wa mnansi ndi munthu wosuzumira pa kabowo amene sachoka, saphethira, ndipo amasunga zonse zimene waona.

Kuseri kwa nyumba ndiko kumene mayi wa Chisilamu amavula mpango, amayamwitsa mwana, amachapa atamanga nsalu m'chifuwa. Amatero chifukwa akudziwa kuti mpanda wamubisa. Chithunzi chake chikalowa mu foni, sitidziwanso kumene chikathere. Foni imabwerekedwa, imasiyidwa potchajitsa, imapita kwa okonza, imabedwa. Tikumbuke hadith ya mu Bukhari imene Mtumiki (SAW) adalumbira katatu kuti alibe chikhulupiriro chokwanira munthu amene mnansi wake sakhala pa mtendere kaamba ka zoipa zake. Nalo lamulo lalikulu la dziko lino la 1994, pa gawo 21, limapatsa munthu aliyense ufulu wa kusungiridwa chinsinsi. Pa nkhani iyi chipembedzo ndi boma zikuyankhula chimodzi.

Kwa abale athu amene ali ku Joni

Tikudziwa kuti magazini ino imafika m'manja mwa ana athu amene ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Allah adalitse ntchito za manja anu, pakuti nyumba zambiri za malata ku Mangochi, Makanjira, Salima ndi Nkhotakota zidamangidwa ndi thukuta lanu. Koma tiloleni tikutsineni khutu. Tamva za makamera amene adatumizidwa m'dzina la akuba, pamene mlandu weniweni uli pa mkazi. Bambo ali pa ntchito kutali, foni ili m'manja, akuwerenga kuti mkazi wake watuluka nthawi yanji, wabwera nthawi yanji, ndipo amene waima pachipata uja ndani. Usiku foni ilira: "Unali kuti?"

Surah Al-Hujurat, ndime 12, yaika zinthu zitatu motsatana ndi kutiletsa zonse: kuganizirana zoipa, kufufuzana zinsinsi, ndi miseche. Zimayenda motero ndithu, china chimabala chinzake. Mu Sahih Muslim mulinso hadith ya Jabir (RA) yoletsa mwamuna wochokera ku ulendo kufika kwa banja lake usiku modzidzimutsa ndi cholinga chowapezera zifukwa. Ngati kufika usiku umodzi ndi mtima wotere kudaletsedwa, nanga kuzonda mkazi tsiku ndi tsiku kwa zaka zitatu? Kamera imaonetsa kuti mwamuna wina adaima pachipata. Siinena kuti ndi mlongo wake wa mkaziyo, kapena ndi wogulitsa makala. Chimene chatsala mtima wokayika umadzazamo wokha, ndipo apo ndi pamene Shaitani amapezera mpata.

Mkazi amene wakusungirani ana, nalima munda, nasamala amayi anu okalamba, ndi mlonda wa nyumbayo, si mkaidi wake. Ngati pakhomo pakufunika kamera, kambiranani, iye adziwe pamene ili ndi chimene ikuona, ndipo foni yake ilandirenso zithunzizo. M'chipinda chogona, m'chipinda cha ana aakazi, ndi mogona alendo kapena antchito, musaikemo kamera ngakhale pang'ono.

Mfungulo musaisiye pachitseko

Pali diso lina limene ambiri saliganizira. Kamera iliyonse yolumikizidwa ku intaneti imatsekulidwa ndi mawu achinsinsi, amene timati pasiwedi. Makamera ambiri otsika mtengo amachokera ku fakitale ndi mawu ofanana, monga admin kapena 12345. M'chaka cha 2014 dziko lidadzidzimuka kumva za tsamba lina la pa intaneti limene linkaonetsa poyera zithunzi za makamera oposa 70,000 a m'maiko osiyanasiyana, ena a m'zipinda za anthu, chifukwa eni ake sadasinthe mawu a ku fakitale. Mu 2016 pulogalamu yowononga yotchedwa Mirai idalanda makamera ndi zipangizo zina zankhaninkhani podzera pa khomo lomweli. Choncho tsiku loyamba lomwe sinthani pasiwedi, ikhale yaitali, yosakhala dzina la mwana kapena chaka chobadwa. Mnyamata amene wakukhomerani akamaliza ntchito, sinthaninso, ndipo onetsetsani kuti kamerayo yachotsedwa pa foni yake.

Wakuba akajambulidwa

Tsiku lina kamera idzagwiradi chithunzi cha munthu akutuluka ndi mbuzi. Pamenepo mtima umathamanga, ndipo chala chimafuna kutumiza chithunzicho m'magulu onse a WhatsApp. Dekhani. Chithunzi cha usiku chimanamiza, ndipo anyamata ovala majekete ofanana ndi ambiri. Surah Al-Hujurat yomweyo, pa ndime 6, yatilamula kufufuza nkhani bwino kuopa kupweteka anthu osalakwa nkudzanong'oneza bondo pambuyo. Tonse tidamvapo za anthu amene adamenyedwa kapena kutenthedwa ndi gulu asanaweruzidwe. Magazi otere adzafunsidwa pa tsiku la Qiyama, ndipo wotumiza chithunzi sadzathawa gawo lake. Pitani nacho kwa amfumu ndi ku polisi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mwana wanu yemwe angathe kufanana ndi wakuba mumdima.

Mmene nkhani ija idathera

Lachisanu lotsatira, titatuluka ku Juma, tidakhala pansi ndi a Shehe a pamzikiti wathu, bambo aja, ndi mwamuna wa mayi uja. Mwana wa ku Joni adaimbiridwa foni, ndipo atamva adachita manyazi kwambiri. Kamera idatsitsidwa kufika pa mamita 3, niweramitsidwa kuti ione chipata ndi chitseko cha shedi basi. Maikolofoni adazimitsidwa. Pa pulogalamu ya pa foni padapezeka njira yophimbira mbali ina ya chithunzi, ndipo ngodya imene mpanda wa mnansi unkaonekerabe idaphimbidwa. Zithunzi zonse zakale zidafufutidwa. Kenako chithunzi chatsopano chidatumizidwa kuti banja lodandaula lione ndi maso awo chimene kamera ikuona tsopano. Bambo aja adapita okha kukapepesa kwa mayiwo, atanyamula mbale ya usipa.

Ntchito yonseyi siidathe ola limodzi. Ikadachitika tsiku lokhoma kamera, mayi ndi ana ake sakadavutika sabata zitatu. Ndiye tikupempha aliyense amene ali ndi chipangizochi, kapena akuganiza zogula: musanakhome, kaodireni kwa mnansi, mumuuze, ndipo mutakhoma muitaneni aone pa foni. Ngati pali chimene simungafune kuti iye achione pa foni yanuyo, dziwani kuti diso lanu lalowa pamene silidaloledwe.

Tisaiwalenso kuti wakuba akafika pakati pa usiku, mwana wa ku Joni angathe kulandira uthenga, koma sangathamange kudzathandiza. Amene adzatuluke ndi tochi ndi mnansi yemwe uja. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Kamera imene yakudanitsani ndi mnansi yachotsa mlonda wamkulu nkusiya wamng'ono.

Ana athu ku madrassa timawaphunzitsa kuti Allah ndi Al-Basir, Woona zonse, ndiponso Ar-Raqib, Mlonda amene sagona. Iye amaona zonse zimene timachita kuseri, komabe amatibisira zambiri mwa chifundo chake. Ife amene tapatsidwa kadiso kakang'ono ka pakhoma, tikagwiritse ntchito podziwa kuti tidzafunsidwa za kumene tidakalozetsa.

Allah ateteze makomo athu, chuma chathu ndi ulemu wa amayi ndi ana athu. Iye ndiye Mwini kudziwa koposa. Tidzakumanenso m'kope likudzali, Inshaallah. Wassalamu alaikum.